Zoti ku England asilikali opuma akuwapatsa maboti okhalamo, nzoona?

Mlomwe_wa_Turffontein:
Abale ndithandizeni, mwana wa abwana anga amakhala ku Birmingham ndiye akuti kumeneko kuli mabungwe achifundo amene akumatenga maboti akale a m'ngalande kuwakonza n'kupatsa asilikali opuma amene alibe pogona. Koma munthu wakamenya nkhondo mpaka ku Afghanistan uko, kubwerako azikakhala pamadzi ngati asodzi a m'zimbowera ku Chilwa? Si kumunyoza kumeneko?

Amalume_Rosettenville:
Ayi mphwanga si zimbowera zimenezo. Amati narrowboat, m'lifupi ndi mamita 2 basi koma kutalika ena amafika mamita 20, mkatimo bedi, khitchini, shawa, chimbudzi, ndi mbaula yamalasha yotenthetsa kukazizira. Ngalandezo anakumba kalekale kuti azinyamuliramo malasha kupita kumafakitale, pano zilipo mamailosi pafupifupi 2,000 ndipo kuyambira 2012 amayang'anira ndi a bungwe la Canal & River Trust. Ku London anthu ambirimbiri a ntchito zawo akukhala momwemo pothawa lendi.

Nachisale_Midrand:
Amalume mwangonena zokoma zokhazokha. Botilo limafuna laisensi, ndiye ngati ulibe malo ako okocheza olipira lamulo lake sungakhale pamodzi kupitirira masiku 14, uzingosuntha, zitseko za maloko (zotchinga madzi m'ngalande pokweza kapena kutsitsa boti) kutsegula ndi manja ako, madzi kukatunga pampopi, zakuchimbudzi kukataya wekha, m'chisanu cha kumeneko chija. Nanga wodulidwa mwendo athana nazo? Nanga adiresi yolandirira makalata a chipatala ikhala iti? Ine ndikuona kuti zingathandize amene ali ndi mphamvu zawo, enawo awapatse nyumba basi.

Amalume_Rosettenville:
Pamenepo mwanena zoona chemwali, si za aliyense. Komatu ena obwera kunkhondo mutu sukhazikika, phokoso la m'mahositelo limawazunguza, ndiye bata la kungalande ndi kantchito kosamala boti tsiku ndi tsiku kamawagwira mtima.

Jah_Man_Yeoville:
Inu mukudandaula za azungu kkkk. Kuno ku Joni lamulo la Military Veterans Act la 2011 linalonjeza nyumba koma ambiri akadali m'zisakasa kudikira. Kwathu agogo athu a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) ku Zomba timawakumbuka mu Novembala mokha tikavala kaluwa kofiira kaja. Ine atandipatsa botilo lero lomwe ndasamuka, lendi ya kachipinda ku Yeoville yandikwana, vuto n'loti mu mtsinje wa Jukskei ngakhale bwato silingayende ndi zinyalala zija.