Kodi mawu akuti ælf m'dzina la Alfred ankatanthauzanji kwa eni ake?

Akuluakulu odziwa zilankhulo zakale, ndikupempha kuti tithandizane pa dzina la Alfred, limene lafala ngakhale kwathu kuno. Mayina ambiri aamuna a mitundu ya Chijeremani anapangidwa polumikiza mawu awiri. Robert anachokera ku hrod, kutchuka, ndi beraht, kuwala, pamene William anachokera ku wil, chifuniro, ndi helm, chisoti cha pankhondo. Awiriwa anafala ku England pamene anthu a ku Normandy anagonjetsa dzikolo mu 1066, koma Alfred ndi dzina limene linalipo kale kumeneko, ndipo linkalembedwa kuti Ælfræd.

Mbali yachiwiri, ræd, ndi yosavuta, chifukwa imatanthauza uphungu. Imene yandiimitsa mutu ndi yoyambayo, popeza ælf anali cholengedwa chauzimu chimene anthu akale a ku England ankati ndi chokongola kwambiri, komabe mabuku awo a mankhwala amachitchula monga gwero la matenda ena. Kodi kholo lopatsa mwana dzina lotere linkamufunira nzeru zochokera kwa mizimu imeneyi, kapena linkangolumikiza mawu amene linawapeza m'mayina a makolo?

Ena amati mayinawa sankamveka ngati chiganizo, ndipo umboni ali nawo. Mfumu Alfred ya ku Wessex, kum'mwera kwa England, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, inali mwana wa Æthelwulf, ndipo akulu ake anali Æthelstan, Æthelbald, Æthelberht ndi Æthelred, kusonyeza kuti mawu akuti æthel, ulemu wa kubadwira m'banja lapamwamba, ankagwira ntchito ngati chizindikiro cha mbumba. Ine sindikhutira ndi maganizo amenewa. Mfumu ina yodzatchedwanso Æthelred, imene inalowa ufumu mu 978, anthu anaipatsa dzina lachipongwe lakuti Unræd, kutanthauza uphungu woipa, ndipo chipongwecho sichikanaluma anthu akanakhala kuti sankamva uphungu wabwino m'dzina lake lenileni.

Ngati ræd ankamveka chotero, ælf nayenso ayenera kuti ankamveka. Nanga zinatheka bwanji kuti banja lachikhristu, limene linatumiza Alfred ku Rome ali mwana mu 853, lisankhe dzina limeneli, ndiponso kuti Ælfric, mkulu wa amonke ku Eynsham m'dziko lomwelo la England, akhale nalo moyo wake wonse? Amene mwawerenga zolemba za nthawi imeneyo, tiuzeni ngati ælf wa m'mayina ndi yemweyo wa m'mabuku a mankhwala.