Kodi pulezidenti angachite chilichonse chimene wafuna?

Mayi Asiyatu, Namwera:
Dzulo tikudikira minibasi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, bambo wina ankalimbikira kunena kuti pulezidenti akalamula kanthu palibe amene angamutsutse. Ndikupempha odziwa malamulo andifotokozere pamene mphamvu zake zimathera.

Bambo Chikumbutso, Mangochi Boma:
Mayi, bamboyo analakwitsa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amapatsa pulezidenti udindo wotsogolera boma ndi asilikali komanso wosankha nduna, koma ndalama za boma sangazigwiritse ntchito popanda Nyumba ya Malamulo kuvomereza bajeti. Ngakhale mkulu wa apolisi ndi mkulu wa oweruza milandu amene iye wawasankha, aphungu ayenera kuwavomereza. Bilu ikadutsa m'Nyumba ya Malamulo, pulezidenti ali ndi masiku 21 oti asayine, ndipo akakana, aphungu n'kuidutsanso, sangakanenso kachiwiri.

Bambo Yusufu, Monkey Bay:
Ndiwonjezere za nthawi, poti ife akuluakulu tinazionera pafupi. Pulezidenti amalamulira zaka 5, ndipo sangapitirire matemu awiri otsatizana. Mu 2002 anthu ena anafuna kusintha lamuloli kuti a Muluzi aimenso, koma biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo, ine ndikumvera pa wailesi m'sitolo mwanga. Makhoti nawonso ali ndi mano, pakuti pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Mayi Asiyatu:
Zikomo abambo. Nanga akaphwanya malamulo ali pampando?

Bambo Chikumbutso:
Aphungu angathe kumuchotsa, bola magawo awiri mwa atatu a aphungu onse avomereze.