Nyumba ndaikamo tenanti koma ine ndili kutali, ndiyendetse bwanji?

Wasamuka:
Abale ndithandizeni nzeru. Ntchito yandisamutsa, pano ndili kutali ulendo wa tsiku lathunthu, ndiye nyumba yomwe ndimakhala ija ndaikamo anthu a lendi, aka nkoyamba kukhala landilodi. Mwezi woyamba zinayenda bwino koma uno tenanti wandiimbira kuti thanki ya kutoileti imadontha, wapeza yekha pulambala wakonza ndipo ndalamayo akuti achotsa pa lendi, ine ngakhale chithunzi sindinaone. Lendi amatolera mng'ono wanga, ikachedwa sindidziwa kuti wachedwetsa ndani. Sindikufuna kukangana ndi tenantiyu chifukwa ndi munthu wabwinobwino, komanso nyumbayi ndinaikhetsera thukuta zaka zambiri. Amene munadutsamo mumatani?

MayiWaAwiri:
Achimwene, choyamba mchotseni mng'ono wanuyo pa nkhani ya ndalama. Sindikunena kuti ndi wakuba ayi, koma ndalama ikadutsa m'manja mwa wachibale pamabwera mavuto ake, amati ndibwereke kaye ndibweza mawa. Ine miyezi iwiri ndimakalipira tenanti wanga kuti sakulipira pomwe munthu anali atapereka kalekale kwa mlamu wanga, manyazi ake mpaka lero. Lendi izilowa mu akaunti yanu, tsiku lomwe mwagwirizana, tenantiyo azikutumizirani umboni. Mng'ono wanu akhale maso anu basi.

Mmisiri_wakale:
Munalemberana? Ngati simunatero lemberanani pano pomwe, musadikire mkangano. Mulembemo tsiku la lendi, dipoziti, notisi, amene azilipira mabilu a madzi ndi magetsi, ndiponso kuti chikawonongeka chinthu azikutumizirani kaye chithunzi kapena vidiyo pa WhatsApp musanavomereze. Za thankizi muvomereni ulendo uno, apereke risiti, chifukwa kunena zoona wakuthandizani, madzi odontha amakweza bilu komanso amawononga khoma ndi pansi. Koma mupeze pulambala wanu ndi wamagetsi wanu oti muziwatuma nokha, mitengo muzimva kwa iwowo. Mng'ono wanu apite akajambule chipinda chilichonse ndi manambala a pa mita, tsiku lotuluka zithunzizo ndi zomwe zidzakuweruzeni pa dipoziti. Azidziwitsa kaye asanapite, panopa paja ndi pakhomo pa eni, osangotulukira.

Kutali_nako:
Ine ndinatopa nazo ndinapeza ejenti. Amadula gawo lake pa lendi mwezi uliwonse koma ndimagona tulo. Mufunse kaye malandilodi ena amene amawayang'anira nyumba musanasaine naye. China, lendi musamadye yonse, muzisungako pambali, denga likayamba kudontha mvula ili mkati silidikira malipiro.

Wasamuka:
Zikomo kwambiri nonse. Kulemberana sitinalemberane, tinangogwirizana pakamwa, ndiye ndiyambira pomwepo sabata ino. Chomwe chikundivuta tsopano ndi mng'ono wangayu, ndimuuze bwanji kuti asiye kutolera lendi osaoneka ngati ndikumukayikira?

MayiWaAwiri:
Muuzeni kuti mukufuna zonse zizioneka ku banki chifukwa cha malekodi, ndipo akamapita kukaona nyumba muzimupatsa ya transipoti. Wanga anakwiya sabata imodzi kenako zinatha.