DT 125 yogula kwa munthu: oyilo wa 2T ndizithira pati, nanga pulagi ikuderanji?

Wa_ku_Domue

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndagula njinga yamoto ya Yamaha DT 125 yakale, yozizira ndi mphepo, yoti ndiziyendera kuminda ya mbatata kuno ku Domue mpaka ku Ulongwé, mwina kamodzi pamwezi n'kutsikira ku Tete. Kuyendetsa ndangoyamba kumene. Amene anandigulitsa anati ndizithira oyilo wa 2T m'thanki ya petulo, koma m'mbali mwa njinga muli kathanki kena ka oyilo ndipo kali ndi paipi yopita ku injini. Nditsate ziti? Chinanso, ndikayenda pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali imayamba kudukiza, ndipo pulagi ndikaimasula imatuluka yakuda, yonyowa. Vuto lili pati?

Makaniko_Ulongwe

Achimwene, musapite nayo kutali musanadziwe ngati pampu ya oyilo ikugwira ntchito. Injini ya 2T ilibe oyilo wokhala pansi ngati ya galimoto kapena ya njinga za 4T zimene anyamata amanyamulira anthu. Pisitoni, maringi ndi mabering'i a kiranki zimanyowa ndi oyilo wolowa pamodzi ndi petulo, kenako oyiloyo amapsa n'kutuluka ngati utsi. Akasiya kulowa, m'mphindi zochepa pisitoni imatentha, imafufuma, n'kumatirira ku silinda.

Kathanki mwakaonako ndi ka Autolube, njira ya Yamaha yoperekera oyilo ku injini popanda kusakaniza pamanja. Oyilo amachoka mmenemo n'kupita ku pampu yaing'ono imene ili kudzanja lamanja kwa injini, kuseri kwa kachivindikiro. Masulani kachivindikiroko muone. Payenera kukhala paipi yochokera ku kathanki, ina yopyapyala yopereka oyilo ku injini, ndi kebulo yolumikizana ndi ya moto, chifukwa mukawonjezera moto pampu nayo imawonjezera oyilo. Ngati zonsezi zilipo, masulani kasikuluu kotulutsira mpweya pa pampupo, oyilo atsike mpaka thovu litatha, n'kumanganso. Kenako yesani motere: dzazani kathankiko, lembani chizindikiro pamene oyilo wafika, ndipo m'petulo wa ulendo woyesererawo musakanizemo mamililita 20 a 2T pa lita iliyonse kuti injini isakhale pangozi. Yendani makilomita 100 kapena 150. Oyilo akatsika m'kathankimo ndiye kuti pampu ili moyo, siyani kusakaniza. Akapanda kutsika, pampu inafa kapena munthu anaitseka.

Ndikuganiza kuti pampu yanu ili bwino ndipo inu mukuthiranso wina m'thanki. Oyilo akulowa kawiri, n'chifukwa chake pulagi ikunyowa.

Ngati pampu inafadi, muzisakaniza, koma ndi muyeso, osati ndi maso. Pa injini yakale yozizira ndi mphepo, 32:1 ndi wabwino: mamililita 31 pa lita imodzi, pafupifupi 155 pa malita 5. Mukapeza 2T wabwino wolembedwa JASO FC kapena FD pa botolo, 40:1 imakwana, kutanthauza 25 pa lita. Gulani sirinji yaikulu ku famasi ikhale yoyezera. Sakanizirani m'chigubu, khutchumulani, kenako thirani m'thanki. Mukathira oyilo yekha m'thanki yopanda kanthu amatsikira ku kabyuleta asanasakanikirane, njinga n'kukana kulira. Oyilo wa galimoto kapena wotsala ku chigayo asayandikire: sapsa bwino, amasiya mwaye wouma umene umamata maringi.

Pulagi, imene kuno ambiri amati vela, pa DT zimenezi ndi NGK B8ES, mpata wake pafupifupi 0.7 mm. Muziyenda ndi ina yapadera ndi sipanala yake.

Mai_a_Furancungo

Zimene anena a Makaniko ndi zoona, koma pulagi yakuda simaloza oyilo yekha. Yambani mwaona fyuluta ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa limatseka siponji ija m'masiku ochepa, ndiye injini imakoka petulo wambiri ndi mpweya wochepa. Choopsa kwambiri ndi siponji yong'ambika kapena youma, chifukwa fumbi likadutsa limadya maringi ndi silinda ngati sandipepa.

Kutsuka kwake: chotsani siponji, itsukeni m'parafini, kenako m'madzi a sopo, muitsukuluze, iume bwinobwino pamthunzi. Muzifinya m'manja, osapotokola ngati chovala, imang'ambika. Ikauma idonthezereni oyilo wa fyuluta, akasowa wa injini wamba, n'kufinya mpaka yonse itanyowa koma osadontha. Pakani girizi pang'ono m'mphepete mmene imakhudza bokosi kuti fumbi lisalowere m'mbali. Nyengo ya fumbi chitani zimenezi sabata iliyonse ngati mumayenda tsiku ndi tsiku.

Tsono nkhani ya ku Tete, imene ndikufuna muimvetse bwino. Ulongwé ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, pamene mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, osafika mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho kabyuleta yomweyomweyo imapereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweya, ndipo pulagi imada msanga. Ena akaona zimenezi amaika jeti (kachitsulo ka bowo lopitira petulo mu kabyuleta) ya bowo locheperako kapena kutsitsa singano ya kabyuleta. Kumtunda kuno ku Angónia njinga imathamanga bwinodi. Koma akatsika nayo kudutsa Mussacama kulowera ku Moatize, mpweya umachuluka, petulo amachepa, injini imatentha, komanso kunja kukutentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Apo ndi pamene pisitoni imabooka kapena kumatirira. Inu amene muziyenda konsekonse, jeti isiyeni ya kufakitale. Kusintha pulagi n'kotchipa kuposa kuboola silinda ndi kugula pisitoni yatsopano.

Mtundu wa pulagi muziuwerenga injini itayenda ndithu, osati itangolira pabwalo. Yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye yabwino. Yakuda youma, petulo wachuluka. Yakuda yonyowa, oyilo wachuluka kapena moto wa pulagi ndi wofooka. Yoyera mbuu, imani pomwepo, injini ikupsa.

Kasikuluu ka mpweya pa kabyuleta kamangeni mofatsa mpaka kaime, n'kubweza kuzungulira kamodzi ndi theka, muyambire pamenepo. Jeti yaing'ono, imene imapereka petulo injini ikamalira motsika, ikatsekeka ipemerereni ndi pampu ya matayala, osaisokosa ndi waya, mumakulitsa bowo. Ndipo ngati mumagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ikani kafyuluta pa paipi ya petulo, ndipo kamodzi pamwezi muzikhetsa za pansi pa kabyuleta. Madzi amakhala mmenemo.

Mphunzitsi_Tsangano

Ndiwonjezere za kayendetsedwe, chifukwa kudukiza mwatchulako nthawi zina kumachokera kudzanja la woyendetsa. Injini ya 2T simakonda kukokedwa pa giya yaikulu ikulira motsika. Mphamvu zake zili pamwamba, ndipo ikamayenda mozizira oyilo satha kupsa, amaunjikana pa pulagi ndi mu ekizozi. Mukamayenda pang'onopang'ono tsitsani giya kuti izilira momasuka, ndipo pamalo owongoka muziitsegulirako moto kuti iyeretse kukhosi. Choki ndi ya poliza m'mawa basi. Ikangolira bwino ibwezeni, muidikire mphindi ziwiri kapena zitatu musanaipatse moto wambiri. Pisitoni imatentha msanga kuposa silinda, ndiye kuthamangitsa injini yozizira kumaikanda.

Dziwani kuti moto wa 2T umabwera mwadzidzidzi ikafika pakati. Wophunzira azisunga zala ziwiri pa kilatchi. Njinga ikafuna kukuthawani, kokani kilatchi kaye, kenako buleki.

Pamtsetse wautali musamatsike mutatseka moto injini ikulira kwambiri pa giya yaing'ono. Ngati mumasakaniza oyilo m'petulo, kutseka moto ndiko kutsekanso oyilo, pamene pisitoni ikuthamangabe. Ndi pampu vutoli limachepa koma silitheratu. Gwiritsani mabuleki onse awiri, ndipo pakapita kanthawi kokani kilatchi n'kupatsa moto pang'ono kawiri katatu.

Pamsewu wa mabampu ndi miyala imirirani pa zopondera, mawondo opindika pang'ono atapana thanki, maso patsogolo patali, osati pa tayala. Mumchenga khalirani kumbuyo, giya yachiwiri, moto wosasinthasintha, chiwongolero osachiumiriza. Mukatseka moto mwadzidzidzi tayala lakutsogolo limamira n'kukugwetsani. M'matope a dothi lofiira la kwathu kuno buleki yakutsogolo muziigwira mofewa kwambiri. Mpweya wa m'matayala pa dothi ukhale pakati pa 15 ndi 18 psi pa geji yoyezera mpweya, pa tara kapena mutanyamula thumba la mbatata muwonjezere upitirire 22. Mukauchepetsa kwambiri tayala limazungulira pa limu n'kuzula valavu ya chubu.

Mukawoloka mtsinje mabuleki a dilamu amanyowa ndipo sagwira, choncho yendani pang'ono mutawaponda mopepuka mpaka aume. Injini ikazimira m'madzi musaiponde kiki. Chotsani pulagi, tsanulani madzi a m'bokosi la fyuluta ndi mu ekizozi, pendeketsani njinga kuti bowo la pulagi liyang'ane pansi n'kuzungulitsa injini mpaka madzi atatha, khetsani kabyuleta, kenako bwezerani pulagi youma. Madzi sapanikizika, ndiye kuliza mokakamiza kumapinda mkono wa pisitoni.

Chisoti, nsapato zotseka akakolo ndi magolovesi musasiye ngakhale popita kudimba. Ulendo wa ku Tete uzikhala ndi carta (laisensi yoyendetsera) ndi livrete (chikalata cha njinga) m'thumba.

Wa_ku_Domue

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula kachivindikiro, mapaipi ndi kebulo zonse zilipo, ndiyesa monga mwanenera. Koma ndaonanso pothirira oyilo pena pa chivindikiro cha kilatchi. Pamenepo ndithirenso 2T?

Makaniko_Ulongwe

Ayi achimwene, pamenepo ndi pa oyilo wa magiya ndi kilatchi, sakumana ndi petulo. Thirani 10W-30 kapena 10W-40 wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA. Wa galimoto wina amaterereka kwambiri ndipo kilatchi imayamba kuphonya. Muyeso wake nthawi zambiri unadindidwa pa chitsulo pafupi ndi pothirirapo, pa DT zambiri ndi mamililita pafupifupi 650. Popeza simukudziwa kuti anasinthidwa liti, khetsani lero injini ili yofunda. Akatuluka wotuwa ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi.

Muziuyang'anira muyesowo. Ukamatsika popanda podontha, utsi n'kuchuluka ndi kununkha mwachilendo, ndiye kuti silo (kamphira kotseka) ya kiranki ya kumanja yatha ndipo injini ikuyamwa oyilo wa magiya. Imeneyonso imadetsa pulagi. Silo ya kumanzere, kuseri kwa magineto, ikatha imalowetsa mpweya: mukabweza moto injini imachedwa kutsika kapena imakwera yokha. Imeneyo musayende nayo, ndi imene imawotcha pisitoni.

Muli pomwepo onani tcheni. Pakati pake izisewera masentimita pafupifupi 4, chifukwa kumbuyo kukabonyera tcheni imakungika, ndipo yothina imawononga bering'i ya sipuroketi yakutsogolo. Itsukeni ndi parafini, muipake oyilo wa magiya pang'ono, osati girizi amene amagwira mchenga. Mano a sipuroketi akapindika ngati mbedza sinthani tcheni ndi masipuroketi onse awiri pamodzi. Masipoko agogodeni ndi sipanala mmodzimmodzi. Wolira mogontha ndi womasuka, mumange pang'onopang'ono, kotala ya kuzungulira nthawi imodzi, kuti limu lisapindike.