Maphunziro a ukalipentala a miyezi 3 kwa achinyamata othawa nkhondo

Mphunzitsi wa ukalipentala, Mchinji:
Akuluakulu, mpingo wina wandipempha kuti ndikaphunzitse achinyamata a ku msasa wa Dzaleka omwe anathawa nkhondo kum'mawa kwa dziko la Congo. Andipatsa miyezi 3 yokha, ndipo akufuna kuti pomaliza aliyense alandire sowo, puleni ndi hamala. Nditakumana nawo ndinapeza kuti ambiri sadziwa kuwerenga tepi chifukwa sukulu anaisiyira panjira. Kodi ndiyambire pati?

Mmisiri wopuma pantchito, Kasungu:
Achimwene, ife tinaziona zimenezi pamene nkhondo ya ku Mozambique inatha, mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira kuno, ndipo pobwerera kwawo achinyamata ambiri anapatsidwa maphunziro achidule ndi zida. Ine ndinaona ndi maso anga mapuleni atsopano akugulitsidwa pamsika, chifukwa mnyamata wanjala, yemwe wafika kumudzi kumene palibe munthu wogula mpando, amaona chida ngati ndalama ya ufa. Choncho musanalembe ndondomeko ya maphunziro, pitani mukayende mu msasamo muone chimene anthu akulipira. Mukapeza kuti akalipentala alipo kale ambiri koma osowa ndi okhoma madenga kapena okonza njinga, uzani a mpingowo mosabisa.

Mphunzitsi wa zosoka, Mchinji:
Bambo anena zoona. Ndiwonjezepo kuti malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala mu msasa, ndipo mu 2023 boma linabweza ku Dzaleka amene ankachita malonda m'matauni. Msika wa ophunzira anuwo ndi msasa womwewo ndi midzi yozungulira ya ku Dowa. Za tepi musadandaule. Ine ndimayamba ndi masentimita okha, mainchesi ndimawasiya kaye, ndipo wophunzira amayeza chitseko chenicheni m'malo molemba manambala pa bolodi. Pezaninso mmodzi wodziwa Chiswahili ndi Chichewa kuti azikumasulirani.

Mphunzitsi wa ukalipentala, Mchinji:
Nanga zida ndichite nazo bwanji, poti a mpingo anagula kale?

Mmisiri wopuma pantchito, Kasungu:
Musagawe kwa munthu mmodzimmodzi tsiku la chikondwerero. Apangeni magulu a anthu 4 kapena 5, gulu lililonse likhale pansi pa mmisiri amene akugwira kale ntchito mu msasamo, ndipo zida zilembedwe m'kaundula ngati zobwereka mpaka gululo litamaliza ntchito zingapo zolipidwa. Funsaninso ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ngati ophunzirawo angayesedwe mayeso a luso, chifukwa miyezi 3 simupanga kalipentala, koma chikalata chingawathandize kupitiriza akadzabwerera kwawo.

Mphunzitsi wa ukalipentala, Mchinji:
Zikomo bambo, zikomo mayi. Mwezi woyamba ndiupereka ku kuyeza ndi kudula matabwa, ndipo Lolemba ndikakumana ndi a mpingo kuti tikambirane za kaundulayo.