Masipuling'i atsopano: ndimange ndekha pakhomo kapena ndisayerekeze?

Yami_Vitz:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ka Vitz ka 2008, ndagula masipuling'i a Eibach otsitsako galimoto pang'ono. Akhala m'katoni mwezi wathunthu, ndikuchita nawo mantha. Oyilo ndi mabuleki ndimasintha ndekha, jeke ndi masipanala ndili nazo. Mnzanga wina akuti kugula spring compressor, chida chopanira sipuling'i, n'kutaya ndalama, iye amangomanga sipuling'i ndi malamba omangira katundu n'kumasula nati. Zoona zimenezi? Nanga ndiyambire kutsogolo kapena kumbuyo?

MadalaWaSipanala:
Achimwene, mnzanuyo amusiye ndi malamba akewo. Ine chala chapakati cha dzanja lamanzere sichipinda mpaka lero. Ndili mnyamata ndinamasula nati yapamwamba pa shoko sipuling'i isanapanidwe bwino. Sindinaone chilichonse, ndinangomva phuu! Top mount, chitsulo cha pamutu pa shoko, inakaboola denga la malata, nati sitinaipezenso. Sipuling'i yakutsogolo imasenza ngodya yonse ya galimoto pamodzi ndi injini, ndiye ikadali pa shoko imakhala ndi ukali wonsewo.

Yambirani kumbuyo kuti manja azolowere. Pa Vitz sipuling'i yakumbuyo ili payokha, shoko payokha. Galimoto ikhale pa simenti, thupi lake pa ma stand awiri, matayala akutsogolo mutawatsekera. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Jeke mumuike pansi pa chitsulo cholumikiza matayala awiriwo, mumasule mabawuti apansi a mashoko, n'kumatsitsa pang'onopang'ono mukuyang'ana paipi ya mabuleki kuti isakokeke. Sipuling'i imachoka ndi manja.

Kutsogolo ndiye kuli nkhani. Chotsani stabilizer link (kachitsulo kolumikiza shoko ndi chitsulo choletsa galimoto kupendama pokhota), masulani paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS pa shoko, kenako mabawuti awiri akuluakulu apansi. Habu, pomwe pamamangidwa tayala, muimangirire ndi waya isagwere kunja, apo ayi shafti imasolomoka m'giyabokosi, ntchito n'kukhala iwiri. Pamwamba, pa Vitz ya 2008, mumasula nati imodzi yokha yogwirizira shoko ku thupi la galimoto. Nati yachiwiri ya pansi pake, yogwira sipuling'i, musaikhudze kufikira shoko yonse ili pansi ndipo sipuling'i yapanidwa.

Ma compressor akhale awiri, moyang'anizana, mazinga ake mutapaka girisi. Mangani uku katatu, uko katatu, ndi dzanja, osati ndi impact, makina omangira manati mwamphamvu. Sipuling'i ikayamba kupindikira mbali imodzi, imani, bwezani. Ikamagwedera pampando pake, apo ndiye mumasule nati yogwira sipuling'i ija, shoko italoza kukhoma, nkhope yanu ili pambali. Ana ndi agalu akhale kutali, galu wanga amakonda kudzanunkhiza nthawi yolakwikayo.

NaPhiri_Garage:
A Madala anena zonse, ndingowonjezera chomwe ambiri amalakwitsa pobwezera. Nsonga ya sipuling'i ili ndi kamphako kake pampando, ikhale momwemo, apo ayi muzimva kho kho pokhota. Mabawuti odutsa m'mabushi, timalabala ta m'malumikizidwe, ngati apansi pa mashoko akumbuyo, musawamangitse galimoto ili m'mwamba. Itsitseni kaye ikhale pa matayala ake. Mukamanga ili lende, labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo sichedwa kung'ambika.

Yami_Vitz:
Zikomo a Madala, zikomo mayi. Za malamba zija ndasiya. Koma mashoko anga ndi omwe inabwera nawo galimoto, ndingawasiye? Ndipo alayimenti, kuwongola kaimidwe ka matayala, ndi yofunikadi?

MadalaWaSipanala:
Ngati akuchucha mafuta, kapena galimoto ikumanjanja kangapo mukaikanikiza pangodya, sinthiranitu awiriawiri. Sipuling'i yaifupi ndi yolimba, shoko yotopa siitha kuigwira, ndipo mudzamasulanso zonsezi pakangopita miyezi. Alayimenti musaizembe, kutsitsa galimoto kumasintha kaimidwe ka matayala, amadyeka mkati inu kunja mukuona ngati ali bwino. Yendani nayo masiku angapo masipuling'i akhazikike, kenako mupite nayo. Manati a matayala pa Vitz amamangidwa ndi mphamvu ya 103 Nm, bwerekani torque wrench, sipanala yoyezera mphamvuyo, ndipo mudzawayesenso mukayendako pang'ono.