Ma thin client (timakompyuta todalira seva) akukana kuyaka nditayatsa firewall

Funso:
Anzanga, ndithandizeni. Ndili ndi seva ya Ubuntu yokhala ndi LTSP (pulogalamu yoyatsira makompyuta kuchokera pa seva), ndipo timakompyuta 12 topanda hard disk timayakira pa netiweki. Zonse zinkayenda bwino mpaka dzulo pomwe ndinayatsa ufw, firewall ya Ubuntu yomwe imatchinga zolowa kuchokera pa netiweki. Tsopano kakompyuta kalikonse kakulandira IP kuchokera ku rauta, kenako nkuima ndi uthenga wakuti PXE-E32: TFTP open timeout. Kodi ndingozimitsa firewall yo basi? Mutu wandiimadi.

Yankho loyamba:
Ayi achimwene, musazimitse. Vuto ndi lakuti mwatseka zitseko (ma port) zomwe timakompyutato timalowera. Tsegulani UDP 69 ya TFTP (yotumizira mafayilo oyatsira), TCP 2049 ya NFS (yogawira mafayilo a pa seva), ndi TCP 22 ya SSH (njira yotetezeka yolumikizirana ndi seva), poti mafayilo a ogwiritsa ntchito amadutsa pa SSH pamenepo. Ngati pulogalamu ya dnsmasq ikugwira ngati proxy DHCP (youza timakompyuta komwe kuli mafayilo oyatsira, pomwe IP ikuchokera ku rauta), tsegulaninso UDP 67 ndi 4011. Yachiwiriyi anthu ambiri amaiiwala, ine ndemwe inandidyera tsiku lathunthu.

Yankho lachiwiri:
Ndingoonjezera kuti zitsekozo muzitsegulire netiweki yanu yokha, monga 192.168.1.0/24, osati dziko lonse. TFTP sifunsa pasiwedi, aliyense woifikira amatenga zomwe zilimo. Komanso root (akaunti ya mphamvu zonse pa seva) asamalowe pa SSH.

Wofunsa uja:
Zatheka! Inali 69 yomweyo. Timakompyuta tonse tayaka kupatula kamodzi, ndipo kameneko ndapeza kuti chingwe chake chinaduka kuseri kwa tebulo. Zikomo kwambiri nonse.